Magazi osagona panjira: zimene boma limagula likamalemba labu yoyeza beryllium

Amene amawerenga zilengezo za tenda m'nyuzipepala zathu anazolowera katundu wogwirika: matayala a galimoto za boma, mapepala, mayunifolomu, nyemba za kundende. Makampani amaponya mitengo, komiti imatsegula maenvulopu, ndipo amene wakwaniritsa zofunika pamtengo wotsika ndiye amapata mwayi. Ku America kuli tenda ina imene imatuluka kawirikawiri kuchokera ku nthambi za boma, makamaka zoona za mphamvu ndi za asilikali, yomwe mukaiyeza ndi muyeso wa matayalawu siimveka. Boma limakhala likufuna labu yoyeza magazi a antchito amene anapumako fumbi la chitsulo chotchedwa beryllium. Malabu odziwa ntchitoyi ndi owerengeka, magaziwo amafa akachedwa panjira, ndipo kuyeza kamodzi sikupatsa dokotala yankho loti n'kuimapo. Chilichonse mwa zitatuzi chimasintha kalembedwe ka kontirakiti.

Beryllium ndi chitsulo chotuwa, chopepuka kuposa aluminiyamu koma chovuta kupinda kuposa sitilo, ndipo chimapirira kutentha. Anachitulukira ndi katswiri wa ku France, Louis-Nicolas Vauquelin, mu 1798, mumwala wotchedwa beryl. Mwalawo si wachilendo kwathu kuno, pakuti aquamarine amene anthu amakumba ku Mzimba ndi mtundu wa beryl, monganso emerald wa ku Zambia. Magalasi 18 a telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa mumlengalenga mu Disembala 2021, ndi a beryllium wokutidwa ndi golide. Koma beryllium wambiri amathera mosakaniza ndi kopa, pafupifupi magawo 2 pa 100 kapena kucheperapo, kupangira timasipuling'i ndi tolumikizira magetsi m'mafoni, m'makompyuta, m'galimoto ndi m'ndege, komanso masipanala osathetheka moto ogwiritsa ntchito pamalo a mafuta ndi gasi. Chikakhala chamtunthu, chili phee m'kati mwa foni, sichivulaza munthu. Vuto limayamba wina akachipala ndi galayinda, akachiboola, akachiwotcherera kapena kuchisungunula, fumbi ndi utsi wake n'kulowa m'mapapo.

Zimenezi dziko linazidziwa anthu atadwala kale. Mu 1946 dokotala Harriet Hardy ndi mnzake Irving Tabershaw analemba za antchito 17 a fakitale yopanga mababu aataliatali a magetsi ku Salem, m'chigawo cha Massachusetts, amene ankaonda, kutsokomola ndi kubanika, ena miyezi yambiri atasiya kale ntchito. Ufa wowalitsa mababuwo unali ndi beryllium. Ku Lorain, m'chigawo cha Ohio, anadwala ndi anthu amene sanalowepo m'fakitale: oyandikana nayo nyumba, ndiponso apabanja amene ankakumana ndi fumbilo pazovala zantchito zobwera nazo kunyumba. Aliyense amene anaonapo mayi akukutumula ovololo ya mwamuna wake pakhonde asanaiviike m'beseni akudziwa kumene fumbi limenelo limathera.

Mu 1949 bungwe la boma la America loona za nyukiliya, Atomic Energy Commission, linaika malire: mamayikulogalamu 2 a beryllium mu kyubiki mita imodzi ya mpweya. Zimasimbidwa kuti nambalayi anagwirizana akatswiri awiri ali mutakisi popita kumsonkhano. Kaya zinaterodi, nambalayo inakhazikika. Bungwe loona za chitetezo cha antchito la OSHA linaitenga mu 1971, linayesa kuitsitsa mu 1975 koma zinakanika, ndipo inakhalabe yomweyo mpaka mu Januwale 2017 pamene inatsitsidwa kakhumi kufika pa 0.2. Kuchepa kwa mlingo umenewu n'kovuta kukuona m'maganizo. Galamu imodzi yokha, itamwazika mofanana, ingafikitse pamalirewo mpweya wa mabwalo a mpira pafupifupi 70, lililonse mutaliyeza kukwera mamita 10.

Boma la America silinalowe m'nkhaniyi ngati woweruza chabe. Linali kasitomala wamkulu wa beryllium, chifukwa chitsulochi chimalowa m'mabomba a nyukiliya. Ku Rocky Flats pafupi ndi Denver, ku Y-12 ku Oak Ridge, ku Hanford ndi malo ena, anthu masauzande anasula, kupala ndi kusesa beryllium pansi pa makampani olembedwa ndi boma. Mu 1984 wantchito wa ku Rocky Flats atapezeka ndi matendawa, kuyeza kunayamba mwamphamvu, ndipo kunaulula zimene ambiri sankayembekezera: odwala sanali okhawo oima pamakina. Ena anali alonda, ena a muofesi, anthu ongodutsa m'nyumba zimenezo.

Chifukwa chake chili m'mene matendawa amagwirira munthu. Beryllium sawononga mapapo monga momwe poizoni amachitira, kuti wopuma wambiri ndiye adwale kwambiri basi. Amaputa chitetezo cha m'thupi. Mwa anthu ena, asilikali a m'thupi a mtundu wa CD4, omwewo amene tonse tinawadziwira kukiliniki ya ma ARV, amaona beryllium ngati mdani ndipo amamusunga m'mutu. Apa munthu amakhala asanadwale, sakutsokomola, akudya nsima yake bwinobwino, koma thupi lake latcheredwa. Pakapita nthawi, mwa ena mwa anthu otere, asilikaliwo amaunjikana kuzungulira tinyenyeswa ta chitsulo tomwe tinakanirira m'mapapo n'kupanga timibulu, timibuluto timasanduka zipsera, ndipo mapapo amalimba. Munthu amayamba befu pokwera kamtunda kamene kale ankakathamanga, chifuwa chouma, kutopa, kuonda, thukuta la usiku. Zingatenge zaka zochepa, zingatenge 20 kapena kuposa. Chibadwa chimatengapo mbali: amene ali ndi kachizindikiro kotchedwa Glu69 pa jini ya HLA-DPB1 ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Mankhwala ochiziratu palibe. Madokotala amangogonetsa chitetezo cha m'thupi ndi prednisone ndi ena otero. Kuwonjezera apo, bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika beryllium m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa.

Kuyeza kumene sikuyang'ana chitsulo

Ambiri akamva kuti kuyeza magazi amaganiza kuti labu ikufufuza kuchuluka kwa beryllium m'magazimo, ngati mmene amayezera shuga. Ayi. Kuyeza kumeneku, kotchedwa BeLPT, kumafunsa asilikali a m'thupi ngati akumukumbukira beryllium. Ndipo wakufa safunsidwa.

Namwino amatenga magazi m'timabotolo tingapo tokhala ndi heparin kuti asagwirane. Saikidwa mufiriji, saumitsidwa, saloledwa kuotcha ndi dzuwa. Amayenda pa kutentha kwa m'nyumba, ndipo ayenera kufika kulabu mawa lake, pafupifupi mkati mwa maola 24 mpaka 30. Kulabuko amalekanitsa maselo oyera, n'kuwagawa m'timaenje tambirimbiri ta kambale kapulasitiki. Timaenje tina amatithira beryllium sulfate pamilingo itatu yosiyana. Tina amatisiya opanda kanthu kuti tikhale poyerekezera. Tina amatithira chinthu chodziwika kuti chimadzutsa maselo aliwonse amoyo, kuti atsimikize kuti magaziwo sanafere panjira. Kambaleko kamakhala m'chofungatira masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Chakumapeto amathiramo thymidine wokhala ndi kachizindikiro ka radiyeshoni, amene selo lililonse logawikana limamwa popanga DNA yatsopano. Makina amawerenga kuti wamwedwa wochuluka bwanji. Ngati maselo okumana ndi beryllium achulukana kwambiri kuposa anzawo osiyidwa, ndiye kuti thupi limamudziwa.

Mayankho ake ndi anayi: zili bwino, sizili bwino, zili pamalire, kapena sizikuwerengeka. Ndipo apa ndi pamene wogula ntchito ayenera kutsegula maso, chifukwa kuyezaku si kwangwiro. Kafukufuku wa antchito a malo a nyukiliya anaonetsa kuti kuyeza kamodzi kumaphonya pafupifupi anthu atatu mwa khumi amene thupi lawo linatcheredwa kale, ndipo magazi a munthu mmodzi, otengedwa tsiku limodzi, akagawidwa kumalabu awiri nthawi zina amabwera ndi mayankho osiyana. N'chifukwa chake lamulo la OSHA limati munthu watsimikizika pokhapokha atapezeka ndi mayankho awiri oipa, kapena limodzi loipa ndi lina la pamalire, kapena atatu a pamalire. Ngakhale atatsimikizika, sindiye kuti ali ndi matenda a mapapo. Pamafunikanso kuyeza mphamvu ya kapumidwe, kujambula pachifuwa, ndipo nthawi zambiri kulowetsa kachipangizo m'mapapo kukatsukamo madzi ndi kubudula kanyama kokaunika.

Tsono taganizirani ofesala wogula zinthu amene wapatsidwa ntchito yolemba kontirakiti imeneyi. Akangolemba kuti "kuyeza magazi 500, mtengo wa kumodzi", wagula mphepo. Choyamba chimene akugula ndi nthawi. Kontirakiti iyenera kunena masiku amene magazi angatengedwe, chifukwa otengedwa Lachisanu madzulo akhoza kukagona panjira mpaka Lolemba. Iyenera kunena amene apereke timabotolo ndi mabokosi oteteza kutentha, amene alipire ndege, ndi amene aluze ndalama magazi akafika atafa. Mfundo yomalizayi imaoneka yaing'ono, komatu labu yolipidwa pa yankho lililonse, kuphatikizapo "sizikuwerengeka", ilibe chifukwa chodera nkhawa, pamene wantchito ndiye amabayidwanso jekeseni n'kudikiranso masabata ena mtima uli m'malere.

Chachiwiri akugula kudalirika. BeLPT si kachipangizo kogula m'bokosi monga koyezera malungo. Labu iliyonse imaiyendetsa yokha, ndi manja ndi luso la antchito ake. Ku America labu yoyeza anthu iyenera kukhala ndi chiphaso pansi pa lamulo la CLIA la 1988, ndipo unduna wa zamphamvu, Department of Energy, unatulutsa mu 2001 chikalata cholongosola momwe BeLPT iyenera kuchitikira ndi kuwerengedwera. Mayina amene amamveka kawirikawiri pantchitoyi ndi National Jewish Health ya ku Denver, labu ya ORISE ku Oak Ridge, ndi Cleveland Clinic. Pamsika waung'ono chotere mpikisano umakhala wa dzina chabe, ndiye nthambi ya boma imayamba yalengeza kuti ikufufuza ngati alipo ena otha ntchitoyi, ndipo akasowa imalemba zifukwa zogulira kwa mmodzi popanda kupikisanitsa. Kwathu kuno mawu akuti kugula kwa mmodzi akangomveka, anthu amanunkhiza katangale, ndipo sindingawadzudzule, taona zambiri. Koma pankhani iyi kusinthasintha labu chaka ndi chaka pofuna wotchipa kuli ndi mtengo wake wobisika: mayankho a chaka chino sangafanizidwe bwino ndi a chaka chatha, ndipo munthu amene anali pamalire kwa uyu akhoza kuyeretsedwa ndi uyo. N'chifukwa chake makontirakiti ambiri a boma amalembedwa a chaka chimodzi chokhala ndi mwayi woonjezera zaka zina, ndipo ena amafuna malabu awiri dala, kuti wina azitsimikizira mnzake.

Chachitatu, chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse, ndi funso lakuti yankho lipita kwa yani. Pepala lonena kuti thupi la munthu latcheredwa likhoza kumupulumutsa, likhozanso kumuchotsetsa ntchito. Lamulo la Department of Energy la 1999, lodziwika kuti 10 CFR 850, linati kuyezedwa ndi kodzifunira, ndipo wochotsedwa pamalo a beryllium pazifukwa zaumoyo atetezedwe malipiro ake mpaka zaka ziwiri. La OSHA limapereka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo limachepetsa zimene dokotala angauze bwana popanda chilolezo cholemba cha wantchito. Popanda zotchinga zimenezi anthu amangokana kuyezedwa, ndipo sakulakwa. Bambo wa ana asanu sangapereke mkono wake kwa namwino akudziwa kuti yankho likathera patebulo la kapitawo.

Ndalama nazo zimayenda ndi pepala lomweli. Mu 2000 nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo la chipepeso cha antchito a zida za nyukiliya, EEOICPA, boma litavomera poyera kuti linadwalitsa anthu ake. Wopezeka ndi matenda a beryllium a m'mapapo amalandira madola 150,000 pamodzi ndi chithandizo cha kuchipatala, pamene amene thupi lake langotcheredwa amalipiriridwa kuunikidwa pafupipafupi. Ndiye onani mmene zakhalira: amene anamwaza fumbi ndi boma, wogula kuyeza ndi boma, wolipira yankho likaipa ndi boma lomwelo. Sipafunika munthu wakuba kuti dongosolo lotere lipendekeke. Kungochepetsa chiwerengero cha oyezedwa, kapena kusaika ndalama ya kuyeza kobwereza, n'kokwanira. Njira ina yochepetsera vutoli inali kupereka ntchito yofufuza antchito akale, imene inayamba mu 1996, kwa mayunivesite ndi mabungwe a antchito, anthu amene ogwira ntchitowo angawakhulupirire. Palinso msampha wina: kuyeza magazi kumawerengeka bwino mulipoti la pachaka, ndiye n'kosavuta kukuonetsa ngati chitetezo. Koma BeLPT imapeza munthu fumbi litalowa kale. Chimene chimateteza ndi makina okoka fumbi pamalo opalira, kupala monyowetsa, zovala zosiyidwa kuntchito, ndi bafa la kuntchito losambamo munthu asanatuluke.

Nanga ife a ku Blantyre?

Tilibe fakitale ya mabomba ku Makata kapena ku Chirimba, ndipo mwala wa beryl wosasungunula suwerengedwa m'gulu limodzi ndi fumbi la chitsulo chenichenicho, ngakhale wodula miyala ali ndi fumbi lina la silika loti aziliopa. Koma beryllium amafika kuno mwakachetechete, m'katundu wakale. Pitani kumene amagula zitsulo zakutha ku Ndirande kapena ku Limbe. Mnyamata wakhala pansi, wazinga mulu wa mabodi a makompyuta ndi masoketi, akuthothola tolumikizira tofiirira ndi pulayala, tina akutikwecha ndi fayilo kuti aone ngati ndi kopa weniweni, zotsala akuponya pamoto kuti pulasitiki ichoke. Pakamwa palibe chotchinga, mwina kansalu. Kopa wosakaniza ndi beryllium sasiyana maonekedwe kwenikweni ndi kopa wina, ndipo palibe cholembedwa chomuchenjeza. Zitsulo zina zopangira mano oikirira zimakhalanso ndi beryllium, ndipo m'mayiko ena amisiri opala mano otere anapezeka ndi matendawa. Timiyala toyera ta beryllium oxide timapezeka m'zipangizo zina zamphamvu zoulutsira mawu, ndipo n'toopsa tikaphwanyidwa.

Munthu wotere akadzadwala, zizindikiro zake zidzakhala chifuwa, kuonda, thukuta la usiku ndi mawanga pa ekiselo. Dokotala wa ku Gulupu kapena wa pachipatala chaching'ono adzaganiza TB, ndipo adzakhala akuganiza bwino, chifukwa kuno TB ndiye yofala. Makhololo akapita pa makina oyezera TB a GeneXpert n'kubwera opanda kachilombo, ambiri amayambitsidwabe mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi potengera zizindikiro. Ku America chisokonezo chake chimakhala ndi matenda ena otchedwa sarcoidosis, amene pa maikulosikopu amafanana ndendende ndi a beryllium, ndipo BeLPT ndi imene imalekanitsa awiriwa. Kwathu kulakwitsa kuli mbali zonse: wodwala beryllium kumwa mankhwala a TB osamuthandiza, kapena wa TB kupatsidwa prednisone yekha, amene amagonetsa chitetezo matenda n'kukula.

Boma lathu litafuna kugula BeLPT lero, khoma loyamba lingakhale la mtunda. Ntchito yonyamula magazi tikuidziwa. Njinga zamoto za Riders for Health zakhala zikutolera zoyeza m'zipatala zakumidzi kwa zaka zambiri. Koma magazi oyezera kuchuluka kwa HIV angathe kudonthezedwa pakapepala n'kuuma, n'kuyenda masiku osaonongeka. A BeLPT amafuna maselo amoyo. Kuchokera pa Chileka palibe ndege yolunjika ku America. Bokosi liyenera kutsikira ku Johannesburg, Addis Ababa kapena Nairobi, kudikira ina, kenako kudutsa pa kasitomu, ndipo maola 30 amakhala atatha kalekale. Njira yanzeru ingakhale kuphunzitsa labu yapafupi, ndipo luso losunga maselo amoyo lilipo mumzinda muno m'malabu a kafukufuku a KUHeS ndi Malawi-Liverpool-Wellcome. Komabe labu yoyeza anthu khumi pachaka singasunge dzanja lake, ndipo yopanda inzake yoitsimikizira ingamapereke mayankho opanda woatsutsa. Malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma limene linalowa m'malo mwa ODPP pansi pa lamulo la 2017, amalola kugula kwa mmodzi pakakhala zifukwa zomveka, choncho chotchinga si lamulo logulira zinthu. Ine ndikanakhala wogawa ndalama ku unduna wa zantchito, ndikanayamba ndi timapampu toyezera fumbi mumpweya ndi oyendera malo a ntchito okwanira, monga lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 limafunira, kenako kuika pafomu ya wodwala chifuwa funso lakuti "munagwirapo ntchito zanji, ndipo munkapuma chiyani?" Funso limenelo lingagwire silika, asibesitosi, fumbi la thonje ndi la fodya, zimene zili pafupi nafe kuposa beryllium.

Ndipo tili ndi chotiphunzitsa chathuchathu. Azigogo ndi azibambo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba anabwerako ena mapapo atadzala fumbi la migodi ya golide. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a migodi anagwirizana zopereka chipepeso cha marandi 5 biliyoni kwa odwalawo, khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, ndipo panabadwa Tshiamiso Trust, bungwe logawa ndalamazo. Koma kuti munthu alandire, pamafunika umboni wakuti anagwira ntchito pamgodi wakutiwakuti kwa zaka zakuti, ndiponso kuyezedwa ndi achipatala ovomerezeka ndi bungwelo. Wotaya mapepala ake, kapena womwalira asanayezedwe, amasiyira banja lake ntchito yovuta kwambiri.

Pa beryllium vuto la mapepalali ndi lalikulu chimodzimodzi, chifukwa kontirakiti ya labu imatha pakapita zaka zochepa pamene matenda angadikire zaka 20. Malamulo a OSHA amafuna kuti mbiri ya zaumoyo ya wantchito isungidwe nthawi yonse imene ali pantchito, kuonjezerapo zaka 30. Choncho kontirakiti yolembedwa bwino imanena kuti mayankho ndi a yani labu ikasintha, asungidwa mumtundu wanji, ndipo wantchito wopuma adzawapeza kuti kampani imene inamulemba itatsekedwa. Ku Rocky Flats nyumba zonse zinagwetsedwa ndipo ntchito yoyeretsa malowo inatha mu 2005, koma anthu amene anagwirako ntchito akuitanidwabe kukapereka magazi.